Kalimidwe ka Mtengo wa Kiwi

Kiwi ndi cipatso ca mtengo woyanga. Ukulu wace cifanana ndi dzira la nkhuku, ndipo khungu lace ndi lofiirira, la ubweya waufupi wokanda pang'ono. Akulu akale anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere, koma za kiwi ziri mwina. Kunja kwace sikukopa maso konse. Munthu akacidula pakati ndipo apeza mnofu wobiriwira wowala, ndi timbeu takuda tambirimbiri tozinga mtima woyera. Citsekemera ndi kuwawasa pang'ono, ndipo ciri ndi vitamini C wambiri koposa lalanje la kulemera komweko.

Kwao kwa mtengo uwu ndi ku China, makamaka m'mapiri a m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Yangtze. Kumeneko umera wokha m'nkhalango, nukwera pa mitengo yina kufunafuna dzuwa. Anthu a ku China anaucha mihoutao, ndiko kunena kuti pichesi la anyani. M'caka ca 1904 mphunzitsi wina wamkazi dzina lace Isabel Fraser, mkulu wa sukulu ya atsikana ya ku Wanganui m'dziko la New Zealand, anabwerera kwao kucokera ku Yichang ku China atatenga mbeu zowerengeka. Mbeuzo zinafika m'manja mwa mlimi wina, Alexander Allison, amene anazifesa, ndipo mitengo yace inabala zipatso zoyamba m'caka ca 1910. Ca m'ma 1920 wosamala mbande wina wa ku Auckland, Hayward Wright, anasankha mtengo umodzi wobala zipatso zazikulu zosaola msanga. Mtundu umenewo uchedwa Hayward kufikira lero, ndipo kiwi wobiriwira wogulitsidwa m'masitolo a maiko ambiri kawirikawiri akhala wa mtundu womwewo. Dzina lakuti kiwi linadza m'caka ca 1959, pamene amalonda a ku New Zealand anafuna dzina lalifupi logulitsira cipatsoco ku America. Analibwereka kwa mbalame ya kwao yosauluka, yoyenda usiku, ya nthenga zofiirira zonga ubweya. Masiku ano dziko lolima kiwi wambiri koposa onse ndi China, ndipo New Zealand, Italy ndi Greece alimanso wocuruka.

Mtengo waumuna ndi waukazi

Munthu wofuna kubzala kiwi pa khomo pace ayenera kuyamba wadziwa cinthu cimodzi cimene cagwetsa mphwayi alimi ambiri. Mwana ali yense wozolowera m'munda adziwa kuti dzungu licita maluwa a mitundu iwiri pa tsinde limodzi, ena okhala ndi kadzungu kumbuyo, ena opanda kanthu. Adziwanso kuti pakati pa mapapaya pali mitengo yina yongocita maluwa olendewera osabala. Kiwi afanana ndi papaya. Mtengo wina ndi waukazi, ndiwo wobala; wina ndi waumuna, ndipo nchito yace ndi kupereka mungu basi. Wobzala mtengo umodzi wokha adzauthirira zaka zinai, adzaumangira nsanja, adzakondwa poona maluwa, ndipo maluwawo adzayoyoka onse osasiya ngakhale cipatso cimodzi. Zidzateronso kwa wobzala mitengo iwiri yonse yaikazi. Kunena zoona iripo mitundu yowerengeka yobala yokha, monga uja uchedwa Jenny, koma zipatso zace zikhala zazing'ono.

Poyang'ana masamba kapena tsinde munthu sangathe kusiyanitsa bwino mitengo iwiriyi. Cizindikiro ceniceni ciri m'duwa. Maluwa onse awiri ayamba oyera, nasanduka acikasu pokalamba. Duwa la mtengo waumuna lidzala ndi timitu tacikasu ta mungu kufikira pakati peni peni. Duwa la mtengo waukazi nalonso liri ndi timitu totere m'mbali mwace, koma mungu wace ndi wacabe; pakati pace pali kamphundu kaubweya, ndipo pamwamba pa kamphunduko paima tizingwe toyera tambiri totambalala ngati zala. Kamphunduko ndiko kadzasanduka cipatso, ngati mungu wa mtengo waumuna ufika pa tizingwe toyerato.

Onyamula mungu ndiwo njuci, ndipo mphepo ithandizako pang'ono. Bvuto ndi lakuti maluwa a kiwi alibe timadzi totsekemera timene njuci zipangira uci, cotero zikapeza maluwa ena pafupi zithamangira kumeneko. Cifukwa cace alimi a ku New Zealand abweretsa ming'oma ya njuci m'minda mwao pa nthawi ya maluwa, nazipatsa madzi a shuga kuti zicite khama lotola mungu. Nkhaniyi si yaing'ono, pakuti ukulu wa cipatso utsata kucuruka kwa mbeu zace. Cipatso cacikulu ca Hayward cikhala ndi mbeu zoposa 1,000, ndipo mbeu iri yonse ifuna kambeu kace ka mungu. Duwa lolandira mungu wocepa libala kacipatso konyozeka. Wa pa khomo wopanda njuci angathe kugwira yekha nchitoyi: athyole duwa laumuna longotseguka kumene tsiku lopanda mvula, nalikhudzitse pang'onopang'ono pa maluwa aakazi angapo.

Mtengo waumuna umodzi ukwanira yaikazi 6 kufikira 8, koma uyenera kukhala pafupi, ndiponso wocita maluwa nthawi imodzi ndi yaikaziyo. Pa nchito imeneyi alimi a Hayward abzala yaimuna yochedwa Tomuri kapena Chieftain. Kufesa mbeu za m'cipatso cogula n'kotheka, ndipo zimera, koma wofesayo sadzadziwa ngati mbande yace ndi yaimuna kapena yaikazi kufikira itacita maluwa patapita zaka zambiri, ndipo zipatso zace sizifanana kawirikawiri ndi cija anadya. Mlimi wanzeru atenga mbande zomezanitsa kapena zomeretsa ku nthambi za mtengo wodziwika, namangirira cizindikiro pa iri yonse tsiku lomwelo. Mbande zotere ziyamba kubala caka cacitatu kapena cacinai.

Tulo ta mtengo

Cinthu caciwiri ndi ici: kiwi agona. Nyengo yozizira ikafika masamba ace onse ayoyoka, nutsala mtengo wa mbuu ngati wakufa. Tulo timeneti si matenda iai. Maso a pa nthambi afuna kuzizidwa nthawi yaitali kuti adzaphuke pamodzi ndi kucita maluwa ambiri. Hayward afuna maora mazana angapo a kuzizira kosapitirira madigiri 7. Akasowa kuzizira kumeneko aphuka mwa apo ndi apo, nacita masamba ambiri ndi maluwa owerengeka.

Dziko la New Zealand liri kumwera kwa dziko lapansi monga Zambia, cotero miyezi yace yozizira ndi yomweyo ya Juni ndi Julayi. Kumeneko Hayward aphuka mu Sepitembala, acita maluwa mu Novembala, ndipo zipatso zace zithyoledwa ca mu Meyi. Koma cisanu ca kumeneko ndi cacikulu ndi cokhalitsa koposa ca m'malo ambiri a m'Zambia, ndipo m'zigwa zotentha monga ca Luangwa mtengowu sungapeze tulo tokwanira. Ku South Africa, kumene kiwi alimidwa, asankha malo okwera ozizira a ku KwaZulu-Natal ndi ku Limpopo. Cotero wofuna kuyesa ayambe wafunsa ngati mitengo yina yogona, monga maapulo, ibala bwino kwaoko.

Codabwitsa n'cakuti mtengo wokonda kuzizirawu uopanso cisanu. Uli m'tulo upirira, koma ukangodzuka, usiku umodzi wa cisanu coopsya utentha mphukira zonse zanthete pamodzi ndi maluwa a caka cimeneco. M'cidikha, m'mene mpweya wozizira usonkhana usiku, si malo obzalamo kiwi.

Malo ndi kabzalidwe

Mizu ya kiwi ndi yofewa, yaminofu, ndipo ifuna mpweya. Ikakhala m'madzi oima masiku owerengeka okha ibvunda, ndipo mtengo ufota ngati wasowa madzi; mwini wace poona cotero aonjeza kuthirira, naupha msanga. Nthaka yoyenera ndi yakuya, yacondo, yosasunga madzi pamwamba. Kuiyesa n'kosabvuta: munthu akumbe dzenje lofika m'bondo, alidzaze madzi, nabwereko m'mawa mwace. Akapeza madzi alimobe, malowo sayenera. Pa dothi lamakande ndi bwino kuunda mthumbira waukulu ndi kubzala pamwamba pace.

Mdani wina ndi mphepo. Mphukira za kiwi zikula msanga koma sizigwira zolimba pa nthambi, ndipo mphepo yamphamvu izithyola pa mfundo. Zipatso nazo zikakhuzana ndi nthambi zicita zipsyera. Woyenda ca ku Te Puke, kumene kuli minda yambiri ya kiwi m'New Zealand, aona mipanda ya mitengo yaitali yozinga munda uli wonse ngati makoma. Pa khomo, khoma la nyumba kapena mpanda wa mitengo ukwanira, malinga dzuwa lifike.

Nsanja imangidwe mbande isanabzalidwe. Apa ambiri alakwa, cifukwa aona kambande kakang'ono naganiza kuti bango ndi luzi zikwanira, monga acitira ndi nyemba zoyanga. Koma kiwi akhala zaka makumi angapo, tsinde lace linenepa koposa mkono wa munthu, ndipo mtengo umodzi wokhwima usenza makilogalamu makumi angapo a zipatso. Pafunika mizati yolimba yosaola msanga, yotalika mamita 1.8 pamwamba pa nthaka, kuti munthu aziyenda pansi pace osawerama. Pa mutu pa mzati uli wonse akhomera mtanda wa mita ndi theka, wooneka ngati cilembo T, nakoka mawaya atatu kapena asanu kucokera ku mtanda wina kufikira ku unzace.

Mbande ibzalidwa iri m'tulo, kapena cisanu citangotha, motalikirana mamita 4 kapena 5. Dzenje likhale lotambalala, ndipo dothi lace lisakanizidwe ndi manyowa oolerana bwino. Ndowe zaziwisi kapena feteleza wothira m'dzenje momwemo zitentha mizu. Mbande ikhale pa msinkhu womwewo umene inali m'cubu cace, ndipo pa mfundo pamene anaimezanitsa pakhale pamwamba pa dothi. Mphaka akhoza kubvuta pa nthawi imeneyi, pakuti amphaka ena akonda pfungo la mtengowu, nadzikhuza pa kambande ndi kufukula mizu yace. Kampanda ka waya kathetsa mlanduwo.

Kulera ndi kusadza

Caka coyamba mlimi safuna zipatso, afuna tsinde. Asankhe mphukira imodzi yamphamvu, acotse zinzace, naimangirire momasuka ku ndodo yoongoka. Cibadwa ca kiwi ndi kudzikulunga pa ciri conse cimene wakhudza, koma asaloledwe kudzikulunga pa ndodoyo, cifukwa tsinde lopotoka lidzadzipana lokha pokula. Mphukira ikafika pa waya wa pakati, aidule nsonga. Pamenepo padzaturuka mphukira zina, ndipo ziwiri za pamwamba azigoneke pa wayayo, ina kuloza uku, ina uko. Imeneyi ndiyo mikono ya mtengo, ndipo ikhala moyo wace wonse. Pa mikonoyo pamera nthambi zazitali zimene azimangirira ku mawaya a m'mbali, kotero kuti woyang'ana ali pansi aona ngati minga ya nsomba.

Wosadza ayenera kudziwa pamene cipatso cibadwira. Sicibadwira pa tsinde, kapena pa nthambi zakalekale. Cibadwira pa mphukira zatsopano zoturuka pa nthambi imene inakula caka catha, ndipo cikhala kufupi ndi tsinde la mphukirayo. Cotero caka ndi caka, masamba atayoyoka, mlimi adula nthambi zimene zabala kale, nasiya m'malo mwace nthambi zatsopano zomera kufupi ndi mkono, motalikirana masentimita ngati 30. Zodulidwa zicuruka koposa zotsala, ndipo wosazolowera agwidwa cisoni poona mulu wace. Cisoni cimeneco cimsiyira ciyangoyango ca nthambi zopiringizana, ca mdima m'kati, ndi zipatso zolendewera kutali kunsonga. Kusadzaku kucitike pakati pa nyengo yozizira. Wocedwa kufikira mtengo uli pafupi kudzuka adzaona madzi akukha pa bala liri lonse masiku ambiri. Mtengo waumuna wokha ndiwo usadzidwa kwambiri maluwa ace atangotha, pakuti nchito yace ya caka cimeneco yatha, ndipo ukalekereredwa uphimba yaikazi.

M'nyengo yotentha mlimi azidulako nsonga zokulungana, kuti pansi pa nsanja pazioneka timadontho ta dzuwa. Aziyang'anira madzi, cifukwa masamba a kiwi ndi akulu ngati cikhato ca munthu wamkulu, ndipo ataya madzi ambiri. Akasowa madzi apsya m'mbali. Mizu yambiri iyenda pafupi ndi pamwamba, cotero khasu lisalowe mozama. Udzu uzulidwe ndi manja, ndipo nthaka iphimbidwe ndi maudzu ouma, osawagunditsa ku tsinde.

Mpeni wosadzira ukhale woyera.  M'Novembala 2010 ku Te Puke kunapezeka nthenda yochedwa Psa, ya tizirombo tosaoneka ndi maso tolowa pa mabala. Inapha mitengo yambiri, makamaka ya mtundu wa mnofu wacikasu wochedwa Hort16A, kufikira alimi anadula minda yao ndi kumezanitsapo mtundu wina wopirira. Kuyambira pamenepo alimi a kumeneko atsuka zipangizo zao ndi mankhwala, ndipo apewa kusadza pa tsiku la mvula.

Zipatso zikhwima patapita miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi cicitire maluwa. Zithyoledwa zikali zolimba gwa. Mlimi adule cimodzi: mbeu zikakhala zakuda bii, asunge zina zowerengeka m'nyumba masiku angapo, ndipo zikafewa ndi kutsekemera, nthawi yakwana. Pa malo ozizira zikhala miyezi osaola. Wofuna kudya msanga aziike m'thumba limodzi ndi nthoci yakupsya.

Kuoka mtengo pa malo ena

Nthawi zina mtengo uyenera kusamuka. Mwina pamene unabzalidwa paima madzi, mwina nyumba ifuna kukuzidwa, mwinanso waumuna uli kutali ndi waukazi. Lamulo lace ndi limodzi: usamuke uli m'tulo. Mtengo wamasamba ukazulidwa, masamba apitiriza kutaya madzi pamene mizu yodukayo singathe kumwa, ndipo uuma tsiku lisanathe. Wogona alibe masamba, cotero upirira.

Dzenje latsopano likumbidwe coyamba, ndi nsanja yace iime, mtengo usanakhudzidwe. Dzulo lace mlimi athirire bwino pa tsinde kuti dothi ligwirane ndi mizu. Tsono adule nthambi zonse, nasiye tsinde ndi zigawo zazifupi za mikono iwiri ija. Ici cioneka ngati nkhanza, koma cifukwa cace n'comveka: pozula, mizu yambiri itsala m'nthaka, ndipo yocepa yotengedwayo singathe kudyetsa nthambi zonse zakale. Pa mtengo womezanitsa asadule pansi pa mfundo ya kumezanitsa, kuopa kuti zophuka zidzakhala za tsinde la pansi, zimene zingathe kukhala zaumuna.

Pokumba ayambire kutali, theka la mita kapena kuposa kucokera pa tsinde, nazungulire ngalande, nalowe pansi pang'onopang'ono. Mizu yaikulu aidule ndi mpeni wakuthwa, asaikadzule ndi khasu, pakuti bala losalala lipola msanga. Timizu tating'ono tonga tsitsi ndito timwa madzi, ndipo tiuma msanga pa dzuwa ndi pa mphepo; cifukwa cace cibuma conse cikulungidwe m'ciguduli conyowa, nicinyamulidwe ndi anthu awiri, osagwira tsinde. Nchitoyi iyenera madzulo kapena tsiku la mitambo. Pa malo atsopano mtengo ukhale pa msinkhu wace wakale, dothi libwezeredwe ndi kutsenderedwa pang'ono ndi manja, ndipo madzi athiridwe ambiri kamodzi kuti dothi lilowe pakati pa mizu. Feteleza adikire kufikira mphukira zitayamba kukula.

Mtengo wa caka cimodzi kapena ziwiri usamuka mosabvuta. Wa zaka zisanu ungathe kupulumuka, koma utaya zipatso za caka cimodzi kapena ziwiri. Wina wodziwiratu kuti adzasamutsa mtengo wace caka camawa angathe kuuthandiza lero: adule mizu mozungulira ndi fosholo m'nyengo yozizira, nausiye pomwepo, kuti umere timizu tatsopano kufupi ndi tsinde. Koma mtengo wokalamba, wa tsinde lonenepa ndi mizu yofika kutali, kawirikawiri suyenera thukuta lace. Kuli bwino kudula nthambi zace za caka cimodzi, zonenepa ngati pensulo, za maso atatu kapena anai, ndi kuzizika mu mcenga wonyowa pa mthunzi. Si zonse zidzagwira, cotero zizikidwe zambiri. Zogwirazo zidzakhala za mtundu womwewo wa mai wao, zaikazi ngati iye anali waukazi. Ngakhale woyesa kusamutsa mtengo waukulu acita bwino kuzika nthambi zotere tsiku lomwelo, kuti mtengowo ukafa mtundu usatayike.

Nyengo ya kuphuka ikafika, mtengo wookedwawo ucedwa kudzuka koposa anzace, ndipo mwini wace asafulumire kuuzula. Akande pang'ono khungwa ndi cikhadabo. M'kati mukakhala mobiriwira, ulipo. Tsinde lace, limene kale linali pa mthunzi wa masamba, tsopano liri pa mtetete, cotero alicinjirize ku dzuwa ndi maudzu kapena ciguduli. Dothi likhale lonyowa koma losacita matope. Ukacita maluwa caka cimeneco, maluwawo acotsedwe onse, ndipo pa mphukira zatsopano mlimi asankhe ziwiri zamphamvu zoti azigoneke pa waya.